Tsiku Limene Tinadya Atomu ya Tadala

Azimayi anzanga, inu mumandidziwa kuti ine si munthu wolankhulalankhula. Ku kwaya ndimaima kumbuyo, pa msonkhano wa makolo dzanja langa silinakwerepo. Ndiye popeza ena mwamva kale kuti ndinapezeka kuseri kwa kalasi pa sukulu ya mwana wanga, masaya atafufuma ngati chule, ndati ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakufikeni itathiridwa tsabola.

Zinayamba bwinobwino. Mwana wanga Tadala ali Giredi 9, chaka chimene ana kuno kudziko la eni amasankha maphunziro oti apitirize nawo. Iye mtima wake wonse uli pa sayansi, akuti akufuna kudzagwira ntchito ku famase, kogulitsa mankhwala, atavala koti yoyera. Koma mayeso a temu yapitayo sanakhoze bwino, ndipo aphunzitsi ake, mayi Petersen, anamuuza mosabisa kuti malo m'kalasi ya sayansi ya Giredi 10 ndi ochepa, ndipo ntchito yotsatira ndi imene iwauze ngati amulembe dzina kapena ayi. Ntchito yake inali iyi: mwana aliyense atole kapepala m'chipewa, kolembedwa dzina la elementi imodzi, apange atomu yake ndi manja, abwere nayo Lachinayi, aifotokoze pamaso pa anzake. Tadala anatola sodiyamu.

Anafika kunyumba Lolemba akuti, "Amama, anzanga onse akukagula timipira ta thovu loyera lija ku shopu, ndi penti."

Apa ndi pomwe kunyada kunandilowera. Pajatu ine ndinafika Fomu 4 ku Ntcheu, ndipo phunziro la sayansi lija tinkalitcha Fizo ndinalikonda ngati mwana wanga woyamba. Mpaka lero ndikamakolopa m'nyumba za mabwana ndimadziimbira chapansipansi mndandanda umene tinkaloweza: haidulojeni, hiliyamu, lifiyamu, beriliyamu, boroni, kaboni, naitirojeni, okosijeni, fulorini, niyoni, sodiyamu. Abwana ena amaganiza kuti ndi nyimbo ya kutchalitchi.

Kwa amene munathawa Fizo, ndikumbutseni pang'ono. Atomu pakati pake pali kamulu ka tinthu tamitundu iwiri, mapulotoni ndi manyutironi, kotchedwa nyukiliyasi. Kunja kuli maelekitironi, akuzungulira m'mizere yawo ngati amayi ovina chimtali kuzungulira ng'oma. Mndandanda wanga uja umayenda ndi mapulotoni: woyamba ali ndi imodzi, wachiwiri awiri, choncho choncho. Sodiyamu ndi wa nambala 11, ndiye mapulotoni 11, manyutironi 12, maelekitironi 11. Mzere wamkati awiri, wachiwiri 8, wachitatu kamodzi kokha.

Tsono mukudziwa kuti masiku amene ndilibe ntchito ndimakazinga mandasi n'kukagulitsa pa renki ya matakisi ku Wynberg. Ndinamuyang'ana mwana uja ndi kunena kuti, "Tigulirenji thovu pomwe m'nyumba muli ufa?"

"Amama..."

"Mvera kaye. Timandasi ting'onoting'ono ngati mazira a nkhanga. Mapulotoni tiviika mu shuga wofiira. Manyutironi tigubuduza mu kokonati, ngati makusista, timandasi ta anthu akuno. Maelekitironi ndi mtedza wokazinga. Mizere tipinda mawaya a mahang'ala opachikira zovala. Zonse pa thireyi yanga yayikulu ija."

"Sizikaoneka zachimidzi?"

"Zikaoneka zanzeru."

Anavomera, mwana wabwino. Mawaya anapinda yekha, analemba khadi yokongola ya dzina ndi nambala, ndipo masiku atatu ankaima pakhomo akuloweza mawu ake m'Chingelezi, mpaka bambo ake anayamba kumuthandiza kumaliza ziganizo.

Cholakwa choyamba ndi ichi. Tadala anati tikazinge Lachitatu madzulo kuti Lachinayi anyamule yekha. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Mandasi ogona? Ochokera m'manja mwanga? Kukaonedwa ndi aphunzitsi? Pa renki ponse palibe amene angaime n'kunena kuti amake Tadala anamugulitsapo mandasi adzulo. Ndinamuuza kuti popeza sayansi ili 11 koloko, ikatha buleki, ndikazinga m'mawa n'kubwera nazo ndekha zikadali zofunda.

"Musachedwe, Amama, chonde," anatero, atandigwira mkono. Sakonda kugwira anthu mwana ameneyu, ndiye ndinadziwa kuti nkhaniyi yamulemera.

Lachinayi pofika 9 koloko atomu inali itatha. Anzanga, inali yokongola! Tofiira tikunyezimira, ta kokonati tili mbee, mtedza nditamata pa mawaya ndi shuga wosungunula. Fungo lake ndiye musanene. Ufa unathera pomwepo, mafuta ndinakhuthulira m'botolo, kunatsala mandasi wamba asanu ndi limodzi m'mbale. Ndinasamba, ndinavala diresi ya kutchalitchi, ndikumanga duku, ndinangomva pakhomo:

"Odi kuno! Kodi muli moyo?"

Anali alamu anga, a Nangozo, mlongo wamkulu wa bambo a Tadala, amene amakhala ku Langa. Muwamvetse kaye munthu ameneyu. Titangofika kuno ndi iwo amene anatilandira. Miyezi itatu tinagona pansi m'chipinda chawo, ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi iwo, Tadala atadwala chifuwa anamubereka kumbuyo ndi iwo kupita naye kukiliniki ine ndili kuntchito. Munthu wotere akakhala pampando wako, wotchi siyang'anidwa.

"Ndabwera kudzagula nsalu, ndati ndione ngati mukupuma, popeza mafoni anu ndi okongoletsera m'nyumba."

Ndinagwada, tinapatsana moni, tinafunsana za ana, za miyendo yawo, za mvula kumudzi. Ndinateleka tiyi. Nyumba yathu mukuidziwa, chipinda chimodzi, tebulo limodzi. Thireyi ndikanaibisa kuti?

Maso awo anafika pamenepo. Nkhope yonse inawala.

"Iii, mlamu! Mwadziwa bwanji kuti ndikubwera?"

Ndinayankha ndithu. Mulungu ndi mboni, ndinati, "Ndi za kusukulu kwa Tadala, alamu." Koma mawu anga mumawadziwa, amatuluka ngati akupepesa.

"Ana asukulu adye zonsezi? Masukulu akuno akulera ana mwachibwana. Ife tinkapita ndi chimanga chokazinga m'thumba." Dzanja linali litatambasuka kale. "Nanga kamtedza aka kakhaliranji kokhakokha kunja kuno ngati kamasiye?"

Kukutu!

Ndinadzitonthoza. Mumtima ndinati palibe kanthu, kaelekitironi kakunja kameneko sodiyamu amakataya ngakhale yekha, amakapereka kwa kulorini, awiriwo n'kukhala mchere wathu wapandiwowu. Tadala akangonena kuti ndi ayoni, atomu imene yataya elekitironi, basi, aphunzitsi akaona kuti mwanayu wapitirira ndi pomwe anafunsa.

Ndikuganiza zimenezo, alamu anatola kofiira.

Mtima unangoti go! Chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, anzanga. Ukachotsa nyutironi, sodiyamu akadali sodiyamu, wangopepuka. Ukachotsa elekitironi, akadali sodiyamu. Koma pulotoni ndiye mfunda wa atomu. Ukachotsa imodzi yokha, wa Phiri wasanduka wa Banda. Pa thireyi panga sodiyamu panalibenso. Panali niyoni.

Ndinathamangira mbale ya mandasi wamba aja. "Alamu, idyani awa, ndi akuluakulu, okhutitsa."

"Ambuye akudalitseni, awa ndiwatengera ana." Anatsegula chikwama, anakulunga onse asanu ndi limodzi mu pepala, zipi kwee! Kenako dzanja linabwerera ku thireyi.

Mundifunsa kuti bwanji osangonena kuti alamu imani. Inu mukananena? Mayi anga ankatikwapula tikangoyang'ana pakamwa pa mlendo. Kwathu munthu wowerengera mlendo chakudya amatchulidwa mpaka pamaliro ake. Ndipo ine ntchito yanga yonse m'mawa umenewo inali kuwerenga! Ndinagwetsa maso pansi, ndikuwerengera mumtima ndi makutu okha. Ka kokonati kamodzi. Tiyi. Ka kokonati kena. Nkhani ya mwana wa anebala awo amene watenga mimba. Kofiira.

"Mlamu, milomo ikugwederatu. Mukupemphera?"

"Eya, alamu."

"Mumachita bwino."

Atapukuta m'manja ndinaba diso. Tofiira 9, ta kokonati 10, mtedza 10. Ndipo chondipweteka n'chakuti alamu anga, amene sukulu analekera Sitandade 5, anali atapanga fuloraidi, ayoni ya fulorini, wolondola bwinobwino, yemwe uja wa mu mankhwala otsukira mano. Ndikanakhala mphunzitsi ndikanawachonga.

Nthawi inali itadutsa 10 koloko. Ndinalimba mtima n'kunena kuti ndiyenera kunyamuka. Iwo anati, "Tiyeni, mundiperekeze ku siteshoni, ndi njira imodzi." Ndinavindikira thireyi ndi chitenje, tinatuluka, iwo atandikolowekera mkono. Ena mwa inu mukuti bwanji osagula maswiti awiri ofiira pa renki n'kuikapo? Nzeru imeneyo inandibwerera ndithu. Loweruka.

Pafupi ndi renki pali Che Jafali, bambo achikulire a ku Mangochi, telala, amene makina awo ali pakhonde la shopu ina. Munthu wabwino kwambiri. Mvula ikamagwa amasuntha benchi yawo osanena kanthu kuti ine ndi ndowa yanga ya mandasi tibisale. Alamu atawaona anakuwa:

"Che Jafali! Talawani za mlamu wanga!"

Chitenje anali atavundukula kale. Alamu anga ndi owolowa manja kwambiri, makamaka ndi zinthu za eni.

"Ndadya kale, mama, zikomo."

"Aaa, mwadya chiyani inu, kuwonda chonchi?"

"Zoona, ndakhuta."

Mumtima ndinkati kanani, bambo, kanani kachitatu, Mulungu akupatsani makasitomala. Koma nawonso analeredwa. Kukana kachitatu ndi kunyoza. Anatsuka zala ndi madzi a m'botolo, anati Bisimila, n'kutola. Kofiira, nanga katani, ndi tomwe tinkaoneka bwino. Okosijeni.

"Kamodzi? Munthu amayenda ndi mwendo umodzi?" Alamu anatola ka kokonati n'kuwaika m'dzanja linalo.

Che Jafali analuma kofiira kaja, kenako maso awo anaima pa mawaya, pa khadi, n'kufika pankhope panga. Kutafuna kunachepa. Anafunsa chapansipansi, kuti alamu asamve, "Amake Tadala, ichi ndi chojambula cha kusukulu, eti?"

Ndinagwedeza mutu.

Anayang'ana theka limene linatsala pakati pa zala zawo, ndi chisoni chenicheni. "Theka lingathandize?"

"Pulotoni ilibe theka, bambo."

Anabwezera ka kokonati kaja pamalo pake mosamala ngati akuika khanda pamphasa. Kenako anatenga mapini anayi pa kolala yawo n'kumanga chitenje kumakona a thireyi, akuti mphepo ya lero si yabwino. Anthu ena, anzanga, ngakhale atakudyera pulotoni sungawakwiyire.

Alamu anatsanzika pa geti ya siteshoni. "Zinakoma, mlamu. Koma tofiirato tsiku lina muchepetseko shuga."

Ndinakwera takisi, minibasi ya kuno, nthawi ili pafupi hafu teni, ndinakhala pafupi ndi chitseko, thireyi pamiyendo. Agogo ena Achikhosa amene anali pambali panga anangotenga chikwama changa n'kuchiika pamiyendo pawo kuti ndigwire ndi manja awiri. Ndinayamba kupuma. Ndinati okosijeni si woipa, ndi amene tonse tikupumayu, Tadala amamudziwa bwino. Ndikafika msanga ndimunong'oneza, asintha khadi.

Madalaivala a takisi kuno mumawadziwa. Akaona chala cha munthu m'mbali mwa msewu amaponda buleki ngati aona njoka. Tonse tinagwadira kutsogolo, kamulu kaja kanagumuka pansi pa chitenje, chitseko chinatseguka, ndipo ndinaona ndi maso angawa kofiira kamodzi kakutulukira pakati pa mapini awiri, kugwera pa sitepe, kudumphira pa msewu, n'kumagubuduka ngati kali ndi kopita.

"Yima, driver!" anakuwa agogo aja. Ndipo dalaivala, munthu wa mtima wake, anadikira ndithu. Ndinatulutsa mwendo umodzi. Koma mbalame zoyera za kunyanja zija, zakuba kuposa akhwangwala akwathu, ina inali pa mtengo wa magetsi ikuona zonse. Inangoti psuu, n'kunyamuka nako.

Takisi yonse inati, "Yhoo!" Bambo wina kumbuyo anati, "Shame, mama." Ine ndinabweza mwendo wanga mkati, ndikuwerenga mndandanda uja chobwerera m'mbuyo. Naitirojeni.

Ndinafika pasukulu kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Alonda apageti anandilembetsa dzina, anandilozera kalasi ya sayansi, akuti ana akadali pa buleki, ndidikire. Ndinazungulira kuseri, komwe kunalibe munthu, ndinakhala pa kakhoma kakafupi, ndinamasula mapini.

Anzanga, ndinafuna kulira. Tofiira 7, ta kokonati 10, mtedza 10, ndi khadi yolembedwa bwino ndi dzanja la mwana wanga kuti sodiyamu, 11. Chinthu chopanda mutu, chosapezeka m'buku lililonse.

Ndiye Fizo uja anadzuka m'mutu mwanga. Ndinati atomu yolakwika ndi ziro, koma atomu yolondola ya dzina lina mwina aphunzitsi angaimvere chisoni. Naitirojeni weniweni ndi 7, 7, 7. Ndingochotsa ta kokonati titatu ndi mtedza utatu, zatheka.

Kuchotsa, koma kuika kuti? Bini inali pomwepo, mapazi awiri kuchokera pomwe ndinakhala. Koma chakudya m'bini? Ine, amene ndinaona njala kwathu, anthu akudya gaga? Dzanja linakana. M'chikwama munali Baibulo ndi mpango woyera wa kwaya. Komanso ndivomere, chidzukire ndinali ndisanalawe kanthu, tiyi yense anathera kwa alamu.

Ndinayamba kudya. Mwachangu, ngati mbava, maso uku ndi uku. Mtedza utatu. Ka kokonati koyamba, kachiwiri, kachitatu. Alamu ananena zoona za shuga, koma zinakoma. Ndili mkati motero belu linalira pamwamba penipeni pa mutu wanga, ngiriii! Ndinadzidzimuka, dzanja linapita lokha pa thireyi n'kubwerera kukamwa, ndipo nditayang'ana zala zanga zinali zofiira.

Ine mwini. Mayi wake. Wa Fomu 4.

Kaboni.

Tsopano panafunika kuchotsanso ka kokonati kena ndi kamtedza kena kuti zilingane. Ndinaponya kamtedza m'kamwa, ndinakankhiramo ka kokonati pamwamba pa kofiira kamene ndinali ndisanameze, ndinakonza mtedza pa mawaya, uwiri mkati, unayi kunja. Ndinawerenga komaliza. Sikisi, sikisi, sikisi.

Ine mayi wa kwaya, kulowa pasukulu ya ana nditanyamula nambala ya chilombo ya m'Baibulo ija pa thireyi? Ndinayamba kuganiza zoti mwina nditsike mpaka boroni. Ndikulingalira zimenezo, dzanja lili m'mwamba pamwamba pa tofiira, masaya onse awiri ali odzaza, ndinamva mapazi ambiri.

Kuseri kumene ndinkati kulibe anthu kuja, ndi kumene ana a Giredi 9 amafola asanalowe m'kalasi.

Anatulukira pakona mzere wonse, aliyense atanyamula atomu yake ya thovu, yopentedwa bwino, ndipo kutsogolo kwawo mayi wamfupi wa magalasi. Onse anaima.

"Good morning, Mommy," anatero mayi Petersen.

Munthu wamkulu wakupatsa moni, uyankha bwanji m'kamwa muli nyukiliyasi? Ndinaimirira ndi thireyi yanga, ndinapinda mawondo mwaulemu, ndinayesa kumwetulira milomo ili chitsekere. Kokonati anagwa pachibwano.

Kamtsikana kena kakatali kanakweza dzanja. "Ma'am, that lady is eating somebody's project."

Ana anaphulika. Koma ine sindinamve kuseka konseko. Ndinamva liwu limodzi laling'ono, pakati pa mzere, likuti, "Amama."

Basi. Sanakuwe, sanafunse. Anangoyang'ana thireyi, n'kuyang'ana ine, misozi ili m'maso. Apo, anzanga, sipanali poseketsa. Ndinameza zonse zija osatafuna, zinatsika ngati miyala.

Mayi Petersen anatulutsa katishu m'thumba, anandipatsa, n'kudzigwira pachibwano pawo ndi chala kundisonyeza pofunika kupukuta. Sanaseke. Anauza ana kuti alowe, kenako anandiuza m'Chingelezi kuti, "Lowani nanunso, Mommy, mwayenda ulendo." Anandikhazika kumbuyo pa kampando kakatali kaja kopanda choyedzamira, miyendo ili lendelende.

"Tadala, uyambe ndiwe," anatero, "isanathe."

Mwana wanga anaika thireyi patebulo, anaimika khadi, anayamba mawu ake oloweza aja. "Sodium has eleven protons..." Anayang'ana pansi. Liwu linathera pomwepo. Wina kumbuyo anatsokomola dala, ena n'kumabisa nkhope m'mikono.

Aphunzitsi anapita, anatenga khadi ija n'kuigoneka chafufumimba. Zonse ankalankhula m'Chingelezi, koma ndikuuzani m'chathu. Anati, "Khadi iwale. Zoloweza iwale. Ndiuze chimene chili pa thireyi."

Tadala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anawerenga ndi chala. "Kaboni, madamu."

"Wadziwa bwanji?"

"Tofiira ndi mapulotoni. Tilipo sikisi."

"Nanga ndikatere?" Mayi aja anatola ka kokonati, anakayang'ana uku ndi uku, n'kuponya m'kamwa. Kalasi yonse inati haa!

"Akadali kaboni, madamu. Wangopepuka. Ndi aisotopu."

"Mm." Anatafuna nthawi yaitali kuposa mmene funso limafunira. Anatola kamtedza. "Apa?"

"Akadali kaboni, koma tsopano mapulotoni achuluka kuposa maelekitironi. Ndi ayoni, ya pulasi."

"Apa?" Kofiira.

"Boroni."

Liwu linali litayamba kubwerera. Aphunzitsi anatembenukira kalasi n'kufunsa ngati pali amene akufuna kumuyesa Tadala. Anzanga, sindinaonepo ana okonda sayansi chonchija. Manja onse m'mwamba, ena awiriawiri. Ankabwera mmodzimmodzi, kutola, Tadala n'kutchula. Beriliyamu. Kamtsikana kakatali kondinenera kaja ndi kamene kanapanga lifiyamu, kakunyambita zala. Mwana wanga anafika pomawalamula, "Iwe tenganso kamtedza kamodzi kuti zilingane. Ayi, ka mzere wakunja, osati wamkati." Atafika pa hiliyamu anafotokoza yekha, osafunsidwa, kuti uyu mzere wake ndi wodzaza, n'chifukwa chake sagwirizana ndi wina aliyense. Ine kumbuyo kuja ndinkangogwedeza mutu pa kampando kanga, katishu kali m'manja.

Pomaliza pa thireyi panatsala kofiira kamodzi ndi kamtedza kamodzi.

"Haidulojeni," anatero Tadala. "Apa ndiye pothera, madamu. Mukadya aka, palibenso atomu."

Ana anaomba m'manja. Ndinati zatha, Mulungu wandiona, nditsike ndizipita. Koma mayi Petersen anali akulemba m'buku lawo, ndipo osadzutsa mutu anati, "Funso limodzi latsala. Sodiyamu ananyamuka kunyumba ndi mapulotoni 11, wafika kuno ndi sikisi. Mu sayansi chinthu sichingosowa. Asanu ali kuti?"

"Sindikudziwa, madamu. Afunseni amayi."

Mitu yonse inatembenuka.

Ndinatsika pa kampando kaja. Ndinagwira manja kutsogolo ngati mwana wa Fomu 1. Ndipo ine, mwana wa mayi anga, amene sindinawerengerepo mlendo ngakhale njere ya mpunga, ndinaima pamaso pa ana a eni ndi kuwerenga mokweza, m'Chingelezi changa cha ku Ntcheu, chala ndi chala: awiri ali pa sitima ya ku Langa, imodzi ili ndi telala pa renki, imodzi inauluka, imodzi ili muno. Ndinaloza pamimba.

Aphunzitsi anavula magalasi, anatsamira tebulo, mapewa akugwedezeka. Akuti ana a kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira kuti kwagwanji.

Tsiku limenelo Tadala anabwera kunyumba ndi thireyi yopanda kanthu, anaitsuka, anaiika pamalo pake, osandilankhula. Ndinamuphikira mpunga ndi nyemba zimene amakonda, anadya, osandilankhula. Mawa lake m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, anangoti, "Anzanga akukutchani Mama Proton." Ndinayang'ana kumbali. Ndinamva akuseka chapansipansi, ndiye nanenso ndinaseka, mpaka anachedwa takisi.

Sabata yotsatira anabwera ndi kalata. Ndinaitsegula. Dzina lake alilemba, anzanga. Giredi 10, sayansi. Ndinakhala pansi, ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza ndi Che Jafali omwe mumtima.

Koma kumunsi kwa kalatayo kunali mawu ena olembedwa ndi cholembera. Mayi Petersen akuti temu yamawa kuli tsiku loonetsa makolo ntchito za ana, ndipo aphunzitsi onse, atamva za phunziro lija, agwirizana kuti apemphe amake Tadala apangenso atomu ina. Akuti anakambirana mu ofesi ndipo asankha yureniyamu.

Mndandanda wanga wa Fomu 4 sunafike kumeneko. Ndinamufunsa Tadala kuti ameneyo ali ndi angati.

"Mapulotoni 92, Amama. Manyutironi 146."

Mandasi 238! Aphunzitsi amenewa akufuna sayansi kapena chinkhoswe?

Ndawayankha mwaulemu wonse, ndi moni kwa onse a mu ofesi. Koma ndalumbira, ndipo inu mukhale mboni: homuweki ndi chiwaya sizidzakumananso m'nyumba mwanga. Yureniyamu akamufuna, akakumbe okha ku mgodi wa ku Karonga.